Magazi a mkazi wanga ndi chisoso cha Abiti Saidi

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kulikonse kumene muli. Ine ndine bambo a Yosefe, ndimakhala ku Golomoti. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene mkazi wanga Esinala anatsala pang'ono kundisiya chifukwa cha kuchepa kwa magazi, ali woyembekezera.

Ntchito yanga inali yopopera mankhwala opha udzu m'minda ya anthu. Ndinali ndi sipuleya yanga yobereka kumsana, ndipo dzinja likafika ndinkayenda nayo mpaka ku Mtakataka. Pakhomo panga panalibe ndi kaudzu komwe, ndipo ndinkanyada nazo. Moyandikana nafe mumakhala amayi ena achisilamu, Abiti Saidi, amene amuna awo anali asodzi koma anamwalira. Kuseri kwa nyumba yawo kunali chisoso, bonongwe ndi luni zokhazokha. Tsiku lina ndikupopera kwathu, mphepo inauluzira mankhwala kwawo, masamba awo n'kupserera. Atabwera kudzadandaula, ndinawayankha mwamwano kuti ndawathandiza kuchotsa uve. Kuchokera pamenepo tinasiya kupatsana moni.

Chaka chotsatira madzi anasefukira kuchokera kumapiri n'kukokolola chimanga cha ambiri, chathu chomwe. Panalibenso wondiitana kuti ndikapopere. Tinkadya kamodzi patsiku, kawirikawiri phala la mgaiwa lothira mchere. Esinala ankagawira ana gawo lake n'kundinamiza kuti wadya kale. Mimba itafika miyezi isanu ndi umodzi anayamba kumva chizungulire, mapazi anatupa, m'maso ndi m'manja munayera mbee. M'mawa wina anagwa pamjigo ndowa ili pamutu.

Ndinamukweza panjinga mpaka kuchipatala ku Mua. Anamugoneka masiku anayi n'kumupatsa mapiritsi owonjezera magazi. Potuluka, anamwino ananditengera pambali.

"Bambo, mapiritsi okha sakwanira," anatero. "Amayiwa akapanda kumadya mokwanira, tsiku lochira mukhoza kutaya onse awiri."

Mawu amenewa anandilasa, chifukwa ine amayi anga anamwalira pobereka ndili wamng'ono. Ndimadziwa mmene nyumba imazizirira zikatero. Ndinagulitsa sipuleya ija n'kugula usipa ndi mazira, koma pasanathe milungu itatu zonse zinali zitatha. Ndinayesa ganyu kunyanja, eni maboti anati anthu akwana kale. Esinala ankangogona pamphasa, kupuma mwabefu ngati wathamanga. Ndikamuyang'ana ndinkaona amayi anga.

Lamulungu lina ndinalephera kulowa m'tchalitchi. Ndinalibe mphamvu yoimba nawo. Ndinapita kumunda kwathu, kumene kunali mchenga wokhawokha, ndinagwada n'kulira. Sindinapemphere mawu ambiri. Ndinangoti, Ambuye, ngati ndine ndinachimwa langani ine, mkaziyu ndi mwanayo alekeni.

Nditabwerera masana ndinapeza Abiti Saidi atakhala pakhonde pathu, lichero lodzaza masamba lili pamiyendo. Anali atamva za matenda a Esinala kwa amayi anzawo kumjigo. Ndinaima chapatali, manyazi atandigwira.

"Bambo a Yosefe, mnzangayu sangaphike," anatero. "Sambani m'manja mukhale apa, muone mmene ndikuchitira."

Ndinayamba kupepesa za tsiku lija, koma anandidula. "Masambawo anaphukanso. Sonkhezani moto."

Anandionetsa kuti chisoso amathyola nsonga zanthete chisanachite maluwa. Bonongwe anati ndisamuphike mpaka kuteketa, ndisathire soda, ndipo msuzi wake ndisataye chifukwa mphamvu imatsalira mmenemo. Luni ndi wowawa, choncho anamutendera ndi nsinjiro zimene anabwera nazo pa kansalu. Anati kwawo amayi oyembekezera ndi ongochira kumene amadya luni kuti thupi libwerere. Anandichenjezanso kuti ndisathyole masamba pamene papoperedwa mankhwala kapena pafupi ndi chimbudzi, ndiponso kuti Esinala asasiye mapiritsi a kuchipatala ngakhale tsiku limodzi.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkakathyola ndiwo kuseri kwawo. Amuna anzanga ankandiseka kuti ndasanduka mbuzi. Musaganize kuti zinasintha msanga. Masiku ena Esinala ankasanza zonse zimene wadya, masiku ena ufa unkasowa, tinkangodya masamba ndi mbatata. Kangapo konse ndinakayikira ngati Mulungu anandimvadi. Koma titapita kusikelo mwezi wotsatira, anamwino anati magazi akwerako. Nditawafotokozera zimene akudya, anati tipitirize, ndipo tizimupatsanso malambe kapena mandimu kuti thupi lizilandira bwino chakudyacho.

Tsiku lochira Esinala anataya magazi ambiri. Ndinakhala panja pa chipinda cha amayi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amene anali naye m'katimo monga womudikirira anali Abiti Saidi, chifukwa apongozi anga ali kutali. Abiti Saidiwo ndi amene anatuluka kudzandiuza kuti kwabadwa mwana wamkazi, ndipo mayi ake ali moyo. Pambuyo pake anamwino anandiuza kuti akanabwera wofooka ngati poyamba paja, zikanakhala zina.

Mavuto sanathe pakhomo pathu. Munda uja mpaka lero sunabwerere mwakale, ndipo ntchito yokhazikika ndilibe. Koma ana anga ali ndi mayi wawo. Ndikuthokoza Mulungu amene anamva kulira kwanga, ndikuthokoza anamwino aja, ndiponso amayi amene sitipemphera nawo limodzi koma anatumidwa kwa ine.

Inu amene muli ndi wodwala pamphasa lero, musaleke kupemphera ndipo musaleke kupita kuchipatala. Wina akabwera kudzaodira pakhomo panu, mulandireni, ngakhale akhale munthu amene munamulakwira. Ambuye akulimbitseni mtima.