Chitseko pa Siteji ya Kasungu

Pa siteji ya minibasi ku Kasungu, mayi wina anakhalira chitseko chomangidwa pamodzi ndi mphasa. Bambo wina wodikira galimoto anamuyang'anitsitsa.

"Mayi, mwanyamula chitseko, nanga nyumba mwaiwala kuti?"

"Atichotsa pa esiteti, akuti asiya kulemba matenanti. Chitsekochi anakhoma ndi malemu amuna anga."

"Ndiye muli ngati Acherokee a ku Amereka. Ndinamva pa wailesi kuti asilikali anawathamangitsa m'dziko la makolo awo. Anayenda wapansi miyezi yambiri, ena n'kufera m'njira."

"Iwowo zitseko anatenga?"

"Aa, mtunda wonsewo?"

"Basi, ine ndawaposa."

"Mwawaposadi. Palibe chimene mwasiya?"

"Amuna angawo. Akana kunyamulidwa, atsala kumanda a pa esiteti pompo. Akulonderabe fodya wa eni."