Mimba Imene Ndinabisa M'chipinda cha Ekisire

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse. Ine ndine mayi wa ku Chelstone, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za sabata imene ndinalira maliro a mwana amene anali asanabadwe n'komwe.

Ndinali m'chaka chomaliza ku koleji, kuphunzira kujambula odwala ndi makina a ekisire. Pophunzira ntchito pachipatala china m'tauni, aliyense ankavala kabaji pa jasi lake loyera. Kabajiko kamasunga kuchuluka kwa cheza cha makina chimene chafika pathupi pako, ndipo pakapita nthawi amakatumiza kokayeza. Lamulo linali lomveka: wamkazi akaima anene msanga, amuchotse pafupi ndi makina.

Ine ndinaima, koma sindinanene. Ndinali nditapita padera kawiri, ndipo maulendo onsewo ndinali nditafulumira kuuza anthu. Apongozi anga anandikhazika pansi n'kundiuza kuti kwathu mimba satchula isanaoneke yokha. Ndinamvera. Tsiku lililonse ndinkafunsa amayi odwala ngati ali ndi pakati ndisanawajambule, mwiniwakene ndikubisa panga. Mpaka lero manyazi amandigwira.

Kenako zotsatira zinabwera. Mkulu wa chipinda chathu anandiitana nati kabaji kanga kaonetsa cheza chochuluka kwambiri kuposa ka wina aliyense. Ndinaulula zonse pomwepo, ndipo ndinaona mantha pankhope pake. Ndinalira mu minibasi njira yonse ya ku Chelstone. Masiku atatu chakudya sichinalowe. Pemphero langa silinali lokongola ayi. Ndinkangoti, Ambuye, wopusa ndine, musalole mwanayu avulale chifukwa cha ine.

Lachinayi ndinabwerera kuchipatala kukatenga katundu wanga, poganiza kuti maphunziro athera pomwepo. Ba Chanda, mayi wa ku Luapula amene ankakolopa m'zipinda zathu, anandipeza pabenchi maso ali psuu. Kunena zoona, mayiyu ndinkangomupatsa moni wapamwamba ndikudutsa. Ndinamufotokozera.

"Imwe, ka badge kaja si kankala pa coat yanu?" anatero. "Nanga si coat yanu nimaipeza daily kumbuyo kwa door, mukati mwamene muli machine? Imwe mwayenda ku ma class, yeve ili mwamene muja, machine isebenza."

Ndinaimirira osadziwa. Zinali zoona! Makabati athu anali kutali, ndipo chifukwa cha nseru ndi kutopa, masana aliwonse ndinkakoleka jasi m'chipinda chojambulira n'kuthamangira kukalasi. Cheza chonsecho chinkagwera jasi lopanda munthu, pamene ine pojambula ndinkaima kuseri kwa khoma lotchinga monga anatiphunzitsira.

Ba Chanda anandigwira dzanja mpaka kwa mkulu uja, nanena zomwezo. Mkuluyo anaona ndandanda ya ntchito, anavomereza, kenako anandikalipira kwambiri, ndipo sindinamvepo kukalipira kokoma chotero. Tsiku lomwelo anandisamutsira ku chipinda cha sikani, kumene makina ake satulutsa cheza choopsa. Kumeneko ndinagona pabedi la odwala n'kumva mtima wa mwana wanga ukugunda mofulumira.

Mulungu sananditumizire dokotala wamkulu, ananditumizira mayi wonyamula ndowa. Ndikumuthokoza, ndipo ndikuthokozanso Ba Chanda. Inu amene mwasenza chinthu mwakachetechete, musaleke kupemphera, koma uzaninso munthu amene ayenera kudziwa. Maphunziro ndinamaliza mochedwa ndi miyezi ingapo, ndipo sindidandaula. Pamene ndikulemba izi mtsikana wanga akukoka chitenje changa, zala zake zonse khumi zili phala lokhalokha.