Kabokosi Sikanagwe

Pamzere wa kwa wokonza mafoni, woyendetsa ndege wina ankatembenuzatembenuza kabokosi ka GPS m'manja. Mayi amene anali kumbuyo kwake anakaona.

"Nanunso, bambo? Kasiya kulumikizana ndi tabuleti?"

"Eya, mayi. Dzulo ndili m'mwamba, mapu sanasonyeze pomwe ndinali. Akazi anga anakagwetsa popukuta fumbi."

"Munawaona akukagwetsa? Amuna anganso amayendetsa ndege. Kawo kanasiya kulumikizana ndi tabuleti, tabuletiyo itangolandira pulogalamu yatsopano. Anzawo onse akulira zomwezo."

Bamboyo anayang'ana nsapato zake. Anakumbukira kuti batani lovomereza pulogalamuyo pa tabuleti yake analidina yekha.

"Ndiye akazi angawo ndinawakalipira pamaso pa apongozi."

"Aa, inu! Tulukani pamzerepa, bambo. Zofunika kukonza mwazisiya kunyumba."