Mimba ya Ukapitawo ndi Mlandu wa Amake Lute

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Inu mwaima pakhomo, lowani, malo alipo. Benchi limene kale ndinkadzaza ndekha lero likukwana anthu anayi ndi mwana wakhanda.

Ine ndine Zakeyo Mwale wa ku Katete. Zonse zimene nditi ndinene pano ndi zoona. Ndikawonjeza ngakhale pang'ono, akulu ampingo andikhazike pansi.

Ndinafika kuno ku Kitwe ndili woonda. Woonda, abale! Kondakitala wa basi anandiimika pakona pamodzi ndi maambulera, ndipo anazindikira kuti ndine munthu titafika ku Lusaka, nditayetsemula. Zaka khumi ndinagwira ntchito pansi pa mgodi, kuphwanya miyala, thukuta kudzaza m'majombo. Ndinkadya ngati anthu atatu, koma thupi silinkasunga kanthu.

Kenaka ufulu unabwera. Azungu ena anapakira katundu, mipando yawo inatsala, ndipo umodzi unagwera ine. Ukapitawo! Ofesi, fani, tiyi wa teni koloko wa mkaka wa m'chitini, shuga masupuni asanu. Nyumba anatipatsa kufupi ndi Riverside, kumene kale tinkangopitako kukatchetcha kapinga. Soseji, mabanzi, zakumwa za m'botolo. Mkazi wanga, amake Lute, ankaphika ndi mtima wonse. Kwathu mukudziwa inu: mwamuna akanenepa, ulemu umapita kwa mkazi. Akaonda, mlandu umapitanso kwa mkazi.

Ndiye ndinanenepa. Ndinanenepa, abale! Telala poyeza m'chiuno ananyamuka pamchombo m'mawa, anakafika kumsana masana. Ndikalowa m'chikepe chotsikira pansi, anthu awiri ankatuluka okha osauzidwa. Njinga yanga ikangondiona ndikubwera, matayala ankaphwa ndisanaikhudze. Wojambula zithunzi ku Ndola anandijambula kawiri, kumanzere ndi kumanja, n'kulumikiza. Chithunzicho tinatumiza kumudzi, ndipo amayi anga anayenda nacho khomo ndi khomo kuti anthu aone mmene mpongozi wawo akusungira mwana wawo.

Koma m'kati zinthu sizinali bwino. Ludzu losatha. Mawondo kulira. Kumanga nsapato kokha ndinkapuma kawiri. Tsiku lina ndikukwera makwerero pansi pa mgodi, m'maso munada, ndipo ndinatsitsimuka ndili pabedi kuchipatala.

Kumeneko kunali dokotala wina amene ankafufuza chifukwa chake ife okwezedwa pantchito tinkangofufuma. Anali ndi tepi, sikelo, ndi kachida konga pulayala kotsinira mafuta pamkono. Ananditsina, ananditenga magazi, n'kulemba pakhadi.

"A Mwale," anatero, "pansi paja thupi lanu linali ng'anjo. Chilichonse munkaponyamo chinkapsa. Lero moto wachepa, koma malasha mukuthirabe, mwawonjezanso. Shuga wakwera m'magazi. Mtima wanu ndi wa munthu mmodzi, koma ukugwirira ntchito anthu awiri."

Ndinati, "Adokotala, jekeseni yake ndi iti?"

"Palibe. Chifukwa chake ena amanenepa msanga kuposa anzawo tikufufuzabe. Koma chimene taona mwa anzanu amene ndikuwayeza mwezi ndi mwezi n'chakuti wochepetsa mbale, wosiya shuga, woyenda pansi, amapepukidwa. Mukapitiriza chonchi, ana anu adzaleredwa ndi wina."

Tsopano mverani tchimo langa. Kunyumba sindinanene. Kapitawo wathunthu, wolamula anthu makumi atatu, akauze mkazi wake kuti amuyezera chakudya ngati khanda? Manyazi anandigwira. Khadi lija ndinabisa m'chisoti cha kuntchito. Chitini cha chakudya chimene ankandimangira ndinkagawira anzanga. Madzulo ndinkangotsina pang'ono n'kunena kuti, "Ndadya kale ku kantini." Njinga ndinaisiya, ndinayamba kuyenda pansi.

Miyezi itatu. Thupi linayamba kupepuka, koma nyumba inayamba kulemera. Amake Lute anawonjeza luso. Nkhuku Lachiwiri, abale, popanda mlendo! Ine n'kubweza mbale yodzaza. Amayi muli muno mukudziwa tanthauzo la mbale yobwezedwa: mwina mwamuna akudya kwina, mwina akuopa chimene mwathiramo. Oyandikana nawo anayamba kunong'ona. Kumpopi akafika iwo, nkhani inkatha. Ndipo wina wachifundo kwambiri analemba kalata ku Katete.

Loweruka masana ndikufika kunyumba, ndinapeza amayi anga ali pakhonde ndi atsibweni, amene ndiwo ankhoswe anga. Amayi atangondiona anagwira kumutu.

"Mayo ine! Mwana wanga wathera m'malaya! Ndani wakudya, Zakeyo?"

Tinalowa m'nyumba. Amake Lute anakhala pansi pakona, sutikesi yawo ili pambali, yomanga kale ndi chingwe.

Atsibweni anati, "Mphwanga, tiuze zoona. Mkaziyu akukumana chakudya, kapena ukuopa dzanja lake? Ngati ndi choncho, pa basi ya Lolemba tibwerera naye kwa makolo ake."

Amake Lute sanalire. Anangoti, "Atsibweni, ine ndaphika. Afunseni kumene amadya."

Ine lilime linanenepa lokha m'kamwa.

Pamenepo amayi anatuluka, nabwera ndi mbale ya nkhumba imene anakazinga okha, mafuta akuyandama pamwamba. Anaiika patsogolo panga.

"Ichi ndaphika ndine, mayi wako. Idya tione."

Abale, apa m'pamene ndinafika pansi penipeni, kupitirira pansi pa mgodi. Fungo la nkhumba ija linandigwira pakhosi. Miyezi itatu ndisanailawe! Dzanja linanyamuka lokha, sindikunama, ndinachita kuligwira ndi linzake. Koma ndinaona bwino lomwe: ndikangodya nthuli imodzi, ndiye kuti chakudya cha amayi ndimadya, cha mkazi wanga ndimakana. Mlandu watha pomwepo. Lolemba mayi wa ana anga akwera basi chifukwa cha manyazi anga.

Ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse m'moyo wanga: "Ambuye, tsegulani pakamwa pangapa kuti patuluke mawu, osati kuti palowe nkhumba." Ndipo anamva! Anamva, abale!

Ndinaimirira, ndinatenga chisoti, ndinatulutsa khadi lija. Ndinaulula zonse: kugwa kwanga, shuga, chitini chogawira anzanga, bodza la kantini.

Amayi anati, "Dokotala wanji woletsa munthu kudya? Iyeyo ali ndi mkazi?"

Ndinati, "Lolemba, m'malo mopita kusiteshoni, tiyeni mukamufunse nokha."

Tinapitadi tonse anayi. Amayi anamuyang'ana dokotala kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumuuza kuti iyenso akufunika kudyetsedwa. Iye anaseka, nafotokoza zonse mofatsa. Atatchula za zilonda zosapola ndi maso ochita khungu, amayi anakumbukira mlongo wawo wa sitolo, munthu wonenepa wolemekezeka, amene anadulidwa phazi tonse tikunena kuti anaponda mankhwala.

Koma amene anafunsa mafunso enieni anali amake Lute. Mafuta ochuluka bwanji? Nyemba zili bwino? Nanga tinsomba ta kapenta? Dokotala anatembenukira kwa ine nati, "A Mwale, mukanabwera ndi mayiwa tsiku loyamba, bwenzi ntchito yanga itachepa ndi theka."

Lero ndi chaka chachiwiri. Ndimadya chibwabwa, masamba a maungu aja, nyemba, kapenta, nyama kamodzikamodzi, mbale yaing'ono, ndipo ndimaimaliza. Tiyi ndimamwa wopanda shuga. Amawawa ngati ngozi, koma ndimamwa. Kuntchito ndimayenda pansi, popita ndi pobwerera. Shuga watsika, ludzu lija linatha, ndipo mwezi ndi mwezi ndimakatsinidwa kuchipatala kuti zimene apeze mwa ine zithandize ena. Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokoza dokotala uja. Inu okwezedwa pantchito amene mabatani a malaya ayamba kuthawa, pitani mukayezedwe, ndipo mutenge akazi anu.

Chatsala chimodzi. Sutikesi ija amake Lute anamasula, koma anandiuza kuti, "Abambo ake a Lute, manyazi munandichititsa pa anthu. Tsiku limene mudzalimbe mtima, mukawachotsenso pa anthu." Zanditengera nthawi yonseyi, koma ndaima.

Mverani nonse, ndi inu olemba makalata. Mayi awa sanandimane chakudya. Sanathiremo kanthu. Kwina sindinadyeko. Wolakwa ndine, Zakeyo Mwale.

Amake Lute, zakwana?

Akuti ndikabwerezenso kumpopi mawa m'mawa, chifukwa ena a kumeneko sapemphera kuno. Ndipita, abale. Ambuye alemekezeke. Amen.