Mpando wa a Machaji

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1957, mwana woyamba wa mayi akhala kutsogolo apowo, ovala magalasiwo, apongozi anga. Mbiriyi amayenera kuwerenga alamu anga, koma nditaona kuti alemba zoti malemu anali munthu wokonda mtendere, ndawalanda maikolofoni. Sanali wokonda mtendere ayi. Anali munthu woopa akazi awiri, ndipo mmodzi mwa akaziwo ndine. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye ndikaphonya mawu mupirire.

Anayamba sukulu mu 1964. Mu 1980 anamaliza maphunziro a uphunzitsi, nayamba kuphunzitsa fizikisi ku sekondale. Phunziro lawo lapamtima linali la timadontho ta magetsi totchedwa machaji: tofanana timakankhana, tosiyana timakokana, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu imatsika kanayi. Ana asukulu anangowatcha a Machaji. Ine zimenezi ndazimva pa chakudya, m'basi, ngakhale tsiku limene ndinali pa ululu wa mwana woyamba. Koma babu likapsa m'nyumba, wokwera patebulo ndinali ine.

Mu 1983 anandifunsira. Anzanga amagulidwa nsapato ndi sopo wonunkhira. Ine anandikwechera chipeso patsitsi lawo n'kutola nacho timapepala, akuti umu ndi mmene ndimawakokera. Ndinalola. Ndinali mwana. Chipeso chimenecho anachikwecha pamaso pa kalasi iliyonse mpaka dazi mwaliona m'bokosi lija.

Mu 1986 apongozi anadzakhala nafe m'kanyumba ka kutsidya kwa bwalo, khomo lawo loyang'anizana ndi langa. Sitinagwirizanepo, ngakhale pa mchere. Iwo akaitana mwana wawo, inenso ndimaitana mwamuna wanga. Tsiku lina malemu anatulutsa tepi yoyezera ndi choko. Anayeza kuchokera pakhomo panga mpaka pa mayi awo, nadzaza simenti ndi masamu, kenako anakaika mpando wawo pamalo ena pabwalo. Amati pamenepo mphamvu ziwirizo zimathana, palibe imene ingawasunthe. Tikaitana tonse awiri, iwo duu, nyuzipepala kumaso.

Koma mpandowo sunali pakati, anthuni. Unali kufupi ndi khomo la mayi awo, kwa ine kutali kawiri. Apongozi tiyi amangowapatsira pazenera, ine ndimachita kuyenda naye padzuwa ngati wogulitsa. Ndikaukokera kwanga posesa, pofika madzulo wabwerera pa kachizindikiro kake ka choko. Zimenezi zinkandidya, ndipo amene munkandimva ndikumenyetsa mapoto mukudziwa.

Mu 1994 achemwali a malemu banja litatha anadzakhala m'chipinda cha pambali. Malemu anajambula mivi pabwalo ponse, wina kuloza uku, wina kuloza uko, nasunthira mpando pafupi ndi mpopi, pomwe ananyowa mapazi chaka chathunthu osadandaula. Achemwaliwo atakwatiwanso, mpando unabwerera pakale. Malemu anapuma pantchito mu 2017, ndipo kupuma kwake kunali pampando pomwepo.

Mu Malichi chaka chino mtima unayamba kuwavuta, ndipo anawagoneka m'chipatala. Nditaona kuti zinthu sizikupita kwabwino, ndinawafunsa mosapsatira chifukwa chimene moyo wawo wonse anakhalira kufupi ndi mayi awo, ine mkazi wawo ndilipo. Anandiyang'ana ngati mwana wolephera mayeso. Anati malo amene mphamvu zimathana sakhala pakati, amakhala kufupi ndi kadontho kofooka, chifukwa kamphamvu kamafika patali. Anati kutali kawiri ndiye kuti ine ndimaposa mayi awo kanayi. Tamvani! Zaka zonsezi ndikulira kukhitchini, munthu yankho ali nalo m'thumba, osandiuza, akuti ankaganiza kuti ndinaona masamu pasimenti paja. Masamu amene ndinakolopa tsiku lomwelo!

Ndinawafunsanso ngati mphamvu yangayo inali yowakoka kapena yowakankha. Anati masamu ake ndi amodzimodzi. Ndisanatsegule pakamwa namwino ananditulutsa, akuti nthawi yoona odwala yatha. Anatisiya pa 2 Epulo funsolo asanayankhe bwinobwino. Nkhani imeneyo sinathe, tikaimalizira komweko.

Tsopano za manda. Kuyambira dzana mwakhala mukunong'onezana kuti lero kuphulika, chifukwa apongozi akumbitsa dzenje pafupi ndi pamene adzagone iwo, pomwe ine ndimafuna kumbali kwanga. Ena mwabwera kudzaonera zimenezo, ndakuonani, mwakhala kutsogolo ngati kuli mpira. Pepani, mwavutika pachabe. Akagone pomwe akumba mayi awopo. Koma inu ana anga, tepi ya bambo anu ili m'kabati, musaitaye. Tsiku langa likadzakwana mudzayeze kuchokera pa bambo anu kufika pa agogo anu, ine mudzandiike mbali inayo, kutali kawiri, osachepetsa ngakhale chala. Wodutsa aliyense amene anaphunzira kwa a Machaji adzawerengetsera yekha.

Malemu asiya mkazi mmodzi, ndafufuza, ndi mmodzi yekha. Asiya ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, achemwali awo, ndi mayi awo amene akundiyang'ana apowa. Amayi, mpando uja sindiusuntha. Tiyi ndizikubweretserani ndine, mtunda wake ndinauzolowera kale.

Ndithokoze madokotala ndi anamwino, ngakhale uja ananditulutsa uja. Ndithokoze aphunzitsi anzawo amene abweretsa mipando, anansi amene mwagona nafe pano, ndi alamu anga chifukwa chosalimbana nane pa maikolofoni.

Bambo a ana anga, munanditopetsa, koma bwalo lija lakula popanda inu. Usani mumtendere pamalo anu opanda chokukokani kapena chokukankhani. Mzimu wanu upumule ndithu, pakadali pano, ine ndisanafike ndi funso langa.