Mayi Apansi ndi Kiyi wa Chipinda Chapamwamba

Malemu mayi athu, amene tawagoneka patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Malichi 1951, kuseri kwa sitolo kumene bambo awo ankasoka zovala. Anali achitatu m'banja la ana asanu. Anabatizidwa chaka chomwecho. Akuluakulu amati anayamba kuvina asanayambe kuyankhula: makina osokera akamalira, iwo ankagwira mwendo wa tebulo n'kumapondaponda.

Anayamba sukulu mu 1958 ndipo anamaliza sekondale mu 1970. Aphunzitsi ankafuna kuti akhale namwino, koma iwo analowa gulu la ovina. Gululo linalibe malo akeake, linkayeserera m'galaja, pa simenti. Pa 2 Juni 1975, akudumpha, anatera molakwika, bondo n'kuphwanyika. Sanavinenso, ndipo anayenda ndi ndodo moyo wawo wonse.

Mu 1978 anamanga ukwati woyera ndi malemu bambo athu, amene anali kalipentala. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu. Mu 1989 anapeza nyumba yosanja imene tonse tikuidziwa, yomwe kale inali mosungira katundu. M'chipinda chapamwamba bambo anayala matabwa, kunsi kwake n'kuika zidutswa za matayala, kuti pansi pazimvera phazi. Mayi analonjeza pamaso pa Ambuye kuti mwana wina asadzathyokenso pa simenti iwo ali moyo.

Chaka ndi chaka ankatenga achinyamata awiri ongoyamba kumene ntchito yovina, mmodzi mmodzi, aliyense miyezi isanu ndi umodzi. Ankamupatsa kiyi, bedi la pakona, chakudya, ndi mtendere woti apange gule wakewake popanda womulamula. Amene anadutsa m'chipinda chimenecho ambiri muli pano, ena mwachokera kutali.

Koma chifukwa cha bondo lija, mayi sanakwerepo masitepe a nyumbayo ngakhale kamodzi. Sanaonepo mmodzi wa inu akuvina. Ofuna malo ankawatumiza pamwamba, iwo n'kukhala pampando m'chipinda chapansi, maso ali otseka, khutu kudenga. Ankasankha ndi makutu, monga mneneri wokalamba uja wa m'Malemba amene anazindikira mlendo pongomva mapazi ake pakhomo. Ankakonda kunena kuti, "Nkhope imanama, mwanangu, koma chidendene sichidziwa bodza." Wodzionetsera ankamugogodera ndi ndodo kudenga: "Iwe ukuvinira galasi, tsika udzamwe tiyi." N'chifukwa chake munawatcha Mayi Apansi. Bambo atatisiya mu 2011, ntchitoyi sinaime.

Mu Januwale chaka chino anayamba kudandaula mtima. Anagonekedwa m'chipatala kawiri, ndipo mu Epulo anabwezedwa kunyumba. Zimene zikutsatirazi mwana wawo woyamba, amene ndi namwino, watilola kuti tizinene, pakuti akuti sangawaike mayi ake atazisunga.

Ana anagwirizana zoti chipinda chapamwamba achipereke kwa wamalonda wina, azisungiramo matumba. Mayi atamva anangopempha chinthu chimodzi: akasankha mwana wina asanapite, chipindacho chisatsekedwe. Mwana woyambayo anavomera ndi pakamwa. Kenako anaika loko pachitseko, kiyi n'kuponya m'chikwama chake, ndipo aliyense wobwera kudzapempha malo ankamubwezera pageti.

Pa 6 Meyi, dzuwa lili paliwombo, mayi anatsegula maso n'kufunsa kuti wakwera pamwamba ndani. Mwana wawo anayankha kuti kulibe munthu, kiyi ali naye. Mayi anati, "Usandipusitse iwe. Tamvera. Waponda kanayi, waima, watembenuka. Kanayinso. Chipinda chonsechi, iye akuvina ngati pali khoma. Ameneyu anakulira m'kanjira kopanikiza, sanapatsidwepo malo. Umupatse kiyi."

Mwanayo anakwera. Loko anali wotseka. Atatsegula anapeza fumbi lili mbee pamatabwa, popanda phazi la munthu, la mphaka ngakhale la khoswe. Monga namwino, anati ndi mphamvu ya mankhwala. Koma masana alionse, nthawi yomweyo, mayi ankakweza chala n'kumawerenga, milomo ikugwedera. Mwanayo ankayamba nyimbo ya kutchalitchi kuti awaiwalitse, iwo n'kumuletsa kuti akusokoneza mwana wa eni.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, pa 14 Meyi, iye akuwapukuta nkhope, anamva yekha. Phazi lopanda nsapato, kanayi. Zii. Kanayinso. Fumbi linatsika pakati pa matabwa n'kugwera pa bulangete. Anayang'ana chikwama chake, chili pomwe anachisiya. Mayi anamwetulira, chala chija chinatsika pang'onopang'ono, ndipo anagona tulo ta oyera mtima. Anali ndi zaka 73.

Dzana, pakati pa odzapepesa, panafika mtsikana wina wogwira ntchito yosita pamalo ochapira zovala. Mwana wa malemu anamuzindikira: ndi mmodzi wa amene anawabweza pageti mu Epulo. Sanaonanepo ndi mayi, ndipo m'nyumbamo anali asanalowemo. Anapempha kuti angopondako kamodzi pa matabwa amene anamva mbiri yake, chipindacho chisanapite. Mwana wa malemu anachita manyazi, anamutsegulira n'kumusiya pamwambapo, iye n'kutsika kukapinda zofunda za mayi ake.

Ali pansipo, anamva. Kanayi, kuima, kutembenuka. Kanayinso. Anakhala pampando wa mayi uja. Atamufunsa pambuyo pake, mtsikanayo anati amavina pa nthawi yopuma masana, m'kanjira ka pakati pa makina ochapira, ndipo kamalola kuponda kanayi kokha.

Abale, ife sitikufotokozerani zimenezi, chifukwa sitikuzimvetsa. Sitinafunsire kwa akufa, ndipo mtsikanayo ndi wamoyo, wakhala kumbuyoko. Timangodziwa kuti Iye amene amawerenga mayendedwe athu onse amamva phazi la wosauka ngakhale pageti patatsekedwa. Wamalonda uja tamuuza kale kuti afunefune kwina.

Malemu asiya ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mchemwali wawo mmodzi, ndi ana a pamatabwa amene sitingawawerenge. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, abusa ndi mpingo wonse, a kwaya, anansi amene anatichezetsa pa matendawa, ndi inu ovina amene mwanyamula bokosi.

Pemphero lomaliza likatha, mwana woyamba wa malemu apereka kiyi kwa mtsikanayu pamaso panu. Ndipo iwe mwanawe, ukakakwera, khoma kulibe. Ukaponde kachisanu.

Mayi Apansi, zaka makumi atatu ndi zisanu munamvera muli pansi. Lero mwakwera. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye.