Kodi kachasuyo anamwa ndi Mulungu?

Ndine mayi wa ku Kabudula, ndipo mtima wanga ukuwawabe. Mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, amayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Tsiku lina ataledzera ndi kachasu, anagunda mwana wanga wamkazi akuchokera kusukulu. Mwendo unathyoka, moti mpaka lero amayenda motsimphina.

Titatuluka m'chipatala, apongozi anga anabwera ndi mkulu wa mpingo wathu.

"Mayi, zonse amalola ndi Mulungu," anatero mkuluyo. "Nkhaniyi ithere pakhomo pompano, musapite nayo kupolisi."

Ndinati, "Abambo, kodi kachasuyo anamwa ndi Mulungu?"

M'mawa mwake ndinakanena kupolisi, ndipo kuyambira pamenepo apongozi sayankha moni wanga.

Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu ndiye wolamulira zonse. Chikhulupiriro chimenechi ndicho chimandidzutsa m'mawa uliwonse kuti ndimukweze mwanayu panjinga kupita naye kusukulu, podziwa kuti tsogolo lake silinathere pamsewu paja. Koma anzanga omvera, tisamabise zoipa za anthu kuseri kwa dzina la Mulungu. Amalamulira, inde, koma amaonanso.